Muyeso wa Phazi la Atate

Broken Hill
6 Okutobala 1958

Sesiliya mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa atate ndi amayi, ndi kwa onse a pa Mtewe amene amandifunsa. Ine ndili moyo. Sukulu ya zachipatala ndinamaliza, pepala lili m'sutikesi, koma m'wodi muno akandifuna amangoti "boyi", monga aitanira wotaya ndowa. Zimenezi zitha, ndipo sizichedwa. Anyamata ophunzira timakumana tikaweruka, ndipo palibe amene akuchipatsa zaka zambiri Chitaganya chawochi.

Chandilembetsa ndi mapazi a atate. Ukukumbuka ndili kumudzi mwezi wa Ogasiti, tsiku lija tinkachokera kudimba? Munga wa mthethe unawalowa m'chidendene, iwo nangoyenda akusimba za thonje, mpaka amayi anawaonetsa madontho a magazi m'njira. Anaseka, nati phazi la mlimi ndi chikopa cha njati. Ine sindinaseke. M'ming'alu ya zidendene zawo ungabisemo njere ya chimanga. Kuno tsiku ndi tsiku ndimatsuka mapazi a anthu oyenda pansi: matekenya, zilonda za minga, njoka za m'mimba zolowera kuphazi. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, nsapato.

Tenga ulusi wa thonje, uyeze phazi lawo kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga ya chala chachikulu, udule pomwepo, uike mu envulopu. Ndifuna pa Khrisimasi akalowe m'tchalitchi atavala nsapato. Ndipo akapita ku Fort Jameson kukagulitsa thonje, kalaliki wa pa sikelo ayambe wayang'ana pansi asanawatchule "iwe". Usazengereze monga muchitira kumeneko, chilichonse mawa.

Undiuze ngati mitambo yayamba.

Ine mlongo wako,
Alfonsi Miti

*

Mudzi wa Mtewe, Kasenengwa
25 Okutobala 1958

Achimwene,

Kalata yanu tinalandira ndipo ndinawerengera onse pakhonde. Ife kuno tili bwino, kaya inu. Dzuwa likuswa mtengo, tikusosa, mbewu ya mtedza tasenda kale.

Ulusi ndi umenewu. Koma sunayezedwe mwamtendere. Amayi atamva anakana, anati munthu wamoyo sayezedwa. Woyezedwa ndi womwalira, pamene adzukulu amadula bango lolingana naye kuti akakumbire manda. Anatinso muyeso wa phazi la munthu suyenda m'manja mwa anthu osawadziwa, pakuti oipa amatapa ngakhale dothi limene waponda, nanji muyeso weniweni. Atate anawayankha kuti akhristu saopa ulusi. Anatambasula okha mwendo pa mphasa ine n'kuyeza. Nditatha amayi anati ndiwapatse aike okha mu envulopu, ndinawapatsa.

Atate akondwa kwambiri. Akuuza aliyense wodutsa kuti dokotala wawo wa ku Broken Hill akuwagulira nsapato. Ndinawakumbutsa kuti simunakhale dokotala, anati imeneyo ndi nkhani ya Azungu.

China ndi ichi. Masiku ano akumwa madzi ngati ng'ombe, chikho sichichoka m'manja, ndipo malaya awo a Lamulungu ayamba kuwakulira. Akuti ndi chilimwe. Ngati kuli mankhwala a ludzu mutumize limodzi, ndi sopo wa amayi.

Ndine mlongo wanu,
Sesiliya

*

Mtewe
9 Novembala 1958

Achimwene,

Moni. Ndalemba mofulumira chifukwa a Boaz, oyandikana nafe aja, akupita ku Boma ku Fort Jameson pa njinga. Dzulo tikusinja amayi anandiuza kuti ulusi uja anauluma ndi mano n'kuchotsako kachidutswa asanamate envulopu. Anati potero chimene chayenda pa msewu si muyeso wa amuna awo. Ananena mosabisa, ngati munthu amene wachita bwino. Ndinafunsa kutalika kwake, anandionetsa zala ziwiri. Ndiye pogula muwonjezere zala ziwiri za amayi. Atate sakudziwa, musawauze, angakangane.

Sesiliya

*

Broken Hill
28 Novembala 1958

Sesiliya,

Moni nonse. Kalata yako yachiwiri yandipeza phukusi litanyamuka kale. A Boaz ayenera kuti anagona nayo m'thumba mpaka atatha mowa wonse wa mu komboni ya Kapata ku Boma.

Ndakwiya, sindibisa. Tikufuna kudzilamulira tokha dziko lonseli, pamene pa khomo pathu tikuopa ulusi. Nsapatozo sindingakazisinthe. Sitolo imene ndinagulamo amagulitsira anthu akuda pa kazenera ka kumbali, ine ndinalowera pa khomo la kutsogolo, ndinaima pa kauntala osasuntha mpaka anandigulitsa kuti ndichoke. Ndikabwererako andiitanira apolisi. Choncho nsapato zimenezo si chikopa chabe, atate adziwe.

Zala ziwiri si kanthu. Chikopa chimatamuka. Uzipake mafuta a nsatsi, uziike pa dzuwa, azivala pang'onopang'ono. Zikamawathina adzanena okha, nsapato yothina sibisika.

Za ludzu, mvula ikagwa litha. Sopo ali m'kati mwa nsapato ya kumanzere.

Alfonsi

*

Mtewe
4 Januwale 1959

Achimwene,

Chaka chabwino kwa inu. Tikuyamika Mulungu kuti tachiona. Mvula kuno ikugwa bwino, tili pa kupalira.

Nkhani yabwino ndi yakuti nsapato sizikuwathina. Polowetsa timavutika, ine kukoka amayi kukankha, koma zikalowa atate amati samva kanthu, ngati anabadwa nazo. Pa Khrisimasi anayenda nazo mpaka ku mishoni ndi kubwerera. M'tchalitchi zinkalira kwiyu kwiyu popita kukalandira, anthu onse kutembenuka, ndipo a katekisiti anawafunsa ngati zimenezi zikuimba nawo Gloria. Atate sanasiye kutchula dzina lanu tsiku limenelo.

Tsopano sazivula. Kumunda nazo, kudimba nazo, m'matope momwe. Lachisanu amayi anawakakamiza kuvula kuti azitsuke. Ya kumanja inatuluka ndi khungu la chala chachikulu, ndipo pansi pa phazi pali dzenje lozungulira, lotuwa m'mbali, lotuluka madzi. Ine ndinachita mantha. Atate analowetsamo chala chawo akuseka, anati chilonda chosapweteka ndi chilonda chopola. Ndiye mitima inakhala pansi.

Koma pali chinthu chimene sindichimvetsa. Nyerere zikuwatsata. Kuseri kwa nyumba kumene amatayira madzi zimadzaza bii, pamene pa ena sizipita. M'mawa timazipezanso m'nsapato. Amayi akuti anaponda mankhwala pa malire a munda. Anaitana munthu wa kutsidya kwa dambo amene anawatema mphini kuzungulira kakolo, ndipo madzulo amawathowa ndi madzi otentha. Madziwo ine sindingaikemo dzanja, atate amati ndi ofunda chabe. Amayi ayambanso kusesa pabwalo paliponse pamene atate aponda.

Ludzu silinathe. Mutiuze za kumeneko.

Sesiliya

*

Broken Hill
30 Januwale 1959

Sesiliya,

Moni. Kalata yako yakhala pa msewu pafupifupi mwezi, akuti malole anatitimira cha ku Luangwa. Ndaiwerenga nditaimirira, ndipo ndikuyankha ndisanakhale pansi. Uwerenge iyi mokweza, atate ndi amayi ali pomwepo.

Palibe amene anawatchera mankhwala. Ludzu, kuwonda ndi nyerere ndi nthenda imodzi, ya shuga. Shuga akachuluka m'magazi amatuluka m'mkodzo, n'chifukwa chake nyerere. Amaphanso mitsempha imene imanyamula ululu kuchokera kumapazi. Ululu ndiye mlonda wa phazi. Mlonda wa atate anafa kale, mwina munga wa mthethe uja usanawalase, ndipo phazi likudyedwa popanda wokuwa. Chilonda chosapweteka ndicho choopsa kuposa zonse.

Chitani izi lero lomwe. Nsapato avule, uzibise. Madzi otentha asiyiretu, mukuwaphika. Mphini ayi, phulusa ayi, masamba ayi. Wiritsa madzi, thiramo mchere pang'ono, uwasiye azizire mpaka mwana angasambe, utsuke chilondacho m'mawa ndi madzulo, umange ndi nsalu yowiritsa. Asaponde pansi, ngakhale kupita kuseri muwagwirize. Phazi linalo uziliyang'ana ndiwe, pansi ndi pakati pa zala, popeza iwo sangamve. Kenaka pezani ngolo muwatengere ku chipatala cha ku Fort Jameson. Mukafikire kwa azakhali a Dolika ku Kapata. Kupalira kudikire. Zala zikayamba kuda, kapena fungo likasintha, musadikire ngakhale kuti kuche bwino.

Atate, ndine Alfonsi amene ndikunena: vulani.

Ndapempha tchuthi, sanandiyankhe. M'wodi muno phazi lililonse limene ndikumasula bandeji ndikumaona ming'alu ya atate.

Alfonsi

*

Kapata, Fort Jameson
8 Malichi 1959

Iwe Alfonsi,

Ndine azakhali ako a Dolika, wondilembera ndi Tryness wa nyumba yoyandikana. Moni ndikupatsa, koma wamfupi.

Atate ako ali kuno m'chipatala. Kalata yako ija inafika, Sesiliya anawerenga, mlongo wanga Matiyasi anakana. Anati mwanayo waphonya mzere, Alfonsi sangagule chinthu molimbana ndi Azungu kenaka n'kunena kuti chibisidwe. Sesiliya anabisa nsapato m'nkhokwe, iye anazipeza. Kenaka anati ayambe watsiriza kupalira thonje. Kenaka dambo linadzaza, ngolo sikanaoloka. Anamunyamula pamene anayamba kutentha thupi ndi kuitana amayi athu amene anapita kale.

Ngakhale pa ngolopo anati amuveke, sangalowe m'Boma ngati mwana wake ndi wosaphunzira. Anafika pa khomo panga atavala. Ine fungo ndinalimva ngolo isanaime. Kuchipatala nsapato ya kumanja anachita kung'amba ndi lumo. Zimene zinali m'katimo sindimulembetsa mwana wa eni. Zala zitatu zada ngati makala, ndipo kudako kukukwera.

Akumubaya jekeseni, wa shuga ndi wa chilonda. Mutu wabwerera. Dokotala akuti mwendo udulidwe m'munsi mwa bondo, apo ayi timutenga wathunthu koma m'bokosi. Matiyasi wakana kudinda chala. Akuti phazi silimupweteka, ndiye alidulirenji, ndipo munthu akaonekera bwanji kwa Mulungu mbali ina atasiya ku Fort Jameson. Bambo mfumu anabwera kudzalankhula naye, anawamvera mwaulemu, osadinda. Mawu ake ndi awa: "Dokotala wanga ali ku Broken Hill. Akanena yekha, dulani."

Amayi ako akuti ndi ulusi uja unaitana zimenezi. Iwe udzati ndi amayi ako. Ine ndilibe nthawi yogawa mlandu. Bwera. Ukalephera menya lamya ya telegalamu, ndipo ulembenso ndi dzanja lako, chifukwa lamya adzati walemba ndi kalaliki.

Azakhali ako

*

Broken Hill
14 Malichi 1959

Atate,

Ndakupatsani moni, ine mwana wanu Alfonsi. Lamya ndamenya m'mawa uno, iyi ndiyo ya dzanja langa, mulidziwa.

Kubwera andikaniza. Sabata ino kuli kumanga anthu a ndale, anzanga awiri awatenga, ndipo tchuthi chonse achiletsa. Ndikachoka popanda chilolezo akandigwira pa msewu ndisanafike ndi ku Lusaka komwe.

Phazi limene lada silibwerera, atate. Linafa, ndipo likufuna kukutengani. Ndaona amuna amene anakana, ndaonanso amene analola. Amene analola ndimakumana nawo pa msika. Mulungu amene anaumba Adamu ndi dothi sadzasowa dothi la mwendo umodzi.

Munati ndikanena ndekha. Ndanena. Dindani chala, adule.

Alfonsi

*

Mtewe
10 Meyi 1959

Mwana wanga Alfonsi,

Ndine atate ako, cholembera chili ndi Sesiliya. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakonze. Moni. Tamva kuti iwe sanakumange, tayamika.

Ndinadinda. Ndinabwerera kumudzi mtedza akukumba. Bala lapola bwino. A kuchipatala anamuphunzitsa Sesiliya kundibaya jekeseni, ndipo a Boaz amakatitengera mankhwala ku Boma. Phazi lotsalali Sesiliya amaliyang'ana m'mawa uliwonse ngati mwana wakhanda. Anandisokera patapata wa tayala wofewa, wotakasuka. Ndikadutsa pabwalo ndi ndodo zanga pamatsala phazi limodzi ndi maenje awiri. Amayi ako asiya kusesa, akuti woipa sangadziwe kuti chadutsa ndi chiyani.

Mwendo sitinausiye. Amayi ako anaupempha, anaukulunga m'mphasa, adzukulu anakaukwirira kumanda pambali pa agogo ako, pamene ndidzagone ine. Mbali yanga ina inatsogola, ikundisungira malo.

Tsono imva chimene ndalembera. Phazi lija lili pa ine silinandipwetekepo. Munga, madzi otentha, dzenje lija, zonse zii. Lero kulibe, ndiye layamba kulankhula. M'mawa ndimalimva litanyowa ndi mame, ngati lapita lokha kudimba. Dzuwa likakwera limabwerera, ndipo limabwera litavala. Nsapato ija ndikuimva, mwana wanga, zingwe zomanga zolimba, zala zopindikira m'kati, chachikulu chikukanikizika kutsogolo. Kuthina konse kumene sindinakumve pa Khrisimasi kwandipeza tsopano. Ndimatambasula dzanja kuti ndimasule, ndimagwira mphasa.

Amayi ako akuti tikafukule, mwina anaukwirira zala zitapindika. Bambo mfumu akuti ndipereke ululuwu kwa Mulungu. Ndikupereka, koma sukutha. Sindikudandaula nawe, nsapato zinali zabwino, mudzi uno sunaonepo zotero. Ndikufunsa ngati wodwala afunsa dokotala: nsapato imavulidwa bwanji ku phazi limene kulibe?

Atate ako,
Matiyasi Miti

*

Broken Hill
27 Meyi 1959

Sesiliya,

Moni kwa nonse. Iyi ndi yako, uwerenge wekha, atate uwauze zoyenera.

Kufukula ayi. Mabuku akuti mitsempha imene inadulidwa imapitiriza kutumiza mawu ku mutu, ndipo mutu sudziwa kuti phazi linachoka. Dzina la zimenezi ndikulidziwa, mayeso ake ndinakhoza. Mankhwala ake mulibe m'kabati muno, ndayang'ana botolo lililonse. Kwa ena zimazilala pakapita miyezi, kwa ena ayi.

Muno munagonapo munthu wa mu mgodi amene mwala unamuphwanya mwendo. Ankalira kuyabwa kwa chidendene chimene tinataya. Mkazi wake ankakanda bulangeti pamene chidendenecho chikanakhala, mwamunayo akuyang'ana, mpaka ankapeza tulo. Ine ndinkawaseka mumtima.

Uchite chonchi, masana kukuwala, amayi asakhalepo poyamba. Atate akhale pa mphasa atatambasula miyendo. Ugwade kumapazi. Uwafunse pamene nsapato yafika, akulozere. Uike manja pamenepo, umasule mfundo, usolole zingwe bowo limodzi limodzi, mosafulumira, iwo akuona. Usaseke, usalire. Ukatha ugwire kuchidendene, ukoke.

Ukawauze kuti ndi dokotala wawo walamula. Undiyankhe msanga.

Alfonsi

*

Mtewe
14 Juni 1959

Achimwene,

Moni. Kuno kwazizira, thonje tikutola ine ndi amayi.

Ndinachita monga munanenera. Atate anandilozera pa mphasa, patsogolo pang'ono pa pamene mwendo unathera. Ndinagwada. Nditagwira mfundo anandiuza kuti ndaphonya, ili m'mwamba pang'ono, ndinakweza manja. Ndinamasula. Posolola zingwe anali kupuma ngati munthu amene akutula mtolo wa nkhuni, ndipo anati zala zayamba kutambasuka. Achimwene, manja anga analibe kanthu, koma ndikunena zoona, ndinkasamala kuti ndisawakande.

Tsiku limenelo anagona masana, koyamba chibwerere ku Boma. Tsopano ndimamasula m'mawa uliwonse, pofika madzulo imakhala itamangikanso. Amayi anationa tsiku lina. M'mawa mwake ndinawapeza atagwada akumasula okha.

Koma kuvula yakana. Ndikagwira kuchidendene kuti ndikoke, atate amandigwira dzanja. Ndayesa kangapo. Dzulo ndinawafunsa chifukwa chake, anayang'ana pa mphasa nthawi yaitali, kenaka anati ndilembe mawu awa osachotsapo:

"Yakhwepa, koma usaikoke. Ukaivula, phazi lichoka nayo limodzi, ndipo sindidzalimvanso. Isiye. Alfonsi akadzabwera adzaione mmene ikundikhalira."

Akufunsa ngati tchuthi anatsegula.

Ndine mlongo wanu,
Sesiliya